Matabwa a pa Denga la a Silungwe

Lolemba

Chaka chathunthu ndikuphunzitsa kuno ku Misuku, khofi ali pakhomo penipeni, koma kapu ndimaika pa chigubu cha madzi. Zatha lero. Sukulu tatsekera, ndikukhoma katebulo komwerapo khofi.

Mwayi wake, pa mitengo ya denga la nyumba ndikuchita lendiyi pali matabwa asanu ndi limodzi a mlombwa, ouma gwa, okutidwa ndi masaka. Eni nyumba, a Silungwe, ayenera kuti anawaiwala. Munthu wa msinkhu wawo amafunafuna chipewa chili kumutu.

Zobwereka kwa a mlonda a pasukulu: sowo, hamala, chopalira matabwa.
Zogula: misomali, guluu, sandipepala, vanishi.

Ndadula anayi. Fungo lake kukoma!

Lachiwiri

Miyendo yaima. Umodzi ndi waufupi, ndiye ndadulako itatu inayo. Tsopano waufupi ndi wina.

A mlonda abwera kudzazonda sowo yawo. Ayang'ana tebulo, ayang'ana kudenga, avula chipewa. Kuno mphunzitsi amati msambizgi. "Asambizgi, awa ndi matabwa a bokosi la a Silungwe. Anacheka okha, kuti tsiku lawo likafika ana asavutike."

Khofi akana. Sowo aisiya, akuti sakuifunanso.

Lachitatu

Tebulo ndaliphimba ndi chitenje. Likuoneka ngati maliro enieni. Ndavundukula.

Zomwe ndingachite:
1. kumata zidutswa ndi guluu n'kubwezera kudenga;
2. kusaka mlombwa wina wouma (kuno? malaya omwe amatenga masiku atatu pachingwe);
3. kupempha akuluakulu a maphunziro andibweze kwathu ku Thyolo;
4. kukaulula.

Ndayesa choyamba. Thabwa lamasuka nditangolinyamula, n'kundigwera pachala.

A Silungwe adutsa ndi ndodo yawo, ulendo wa kumunda, n'kundipatsa moni wa m'mawa. "Mwawuka uli, asambizgi?" Ndayankha nditatseka khomo ndi thupi langa lonse. Akhosomola kawiri. Ndawerenga.

Lachinayi

A Silungwe ali gone, chifuwa chawapana. Msewu waterera ndi mvula, galimoto sizikukwera. Mwana wawo wamkazi, a Nalungwe, aima pakhomo panga: "Mukamachoka musakiye. Kumwambako kuli katundu wa adada, panyake afunika." Panyake ndiye mwina wa kuno. Ndati yewo, zikomo wawo. Yewo wa chiyani?

Ndikuopa, ndisabise. Akangotsinzina, anthu abwera ndi makwerero, apeza matabwa awiri okha, ndipo phiri lonse lidziwa kuti mphunzitsi wa kummwera anasandutsa bokosi la mkulu wa mpingo poikira kapu. Ana a m'kalasi mwanga ndidzawayang'ana ndi nkhope iti?

Ndayeza tebulo ndi tepi. A Silungwe sangakwanepo, ngakhale atapinda mawondo. Mulungu andikhululukire kuti ndayeza.

Lachisanu

Zomwe ndawatengera a Silungwe: mandimu, uchi, mazira, jekete langa la kuukwati. Ndawatikita msana mpaka manja kuuma. Chibadwire sindinapemphererepo munthu chonchi, ngakhale mayi anga ondibala. Azimayi pakhonde akuti, "Mphunzitsi uyu ali ndi mtima." Akanadziwa kuti mtimawo uli pa matabwa.

Kunyumba sindikutha kukhala pansi, ndiye ndakwecha tebulo ndi sandipepala masana onse, ndapaka vanishi. Likuwala, tsoka ilo. Sindinapangepo chinthu chokongola ngati ichi. Vanishi sakuuma chifukwa cha nkhungu.

Kwamveka kulira cha kwa a Silungwe. Ndakhala pansi thasa, burashi ili m'manja. Ndi mbuzi.

Loweruka

Adzuka! Amaliza mbale yonse ya nthochi zophika, afunsanso ngati mwatsala mumphika.

Ndagwada n'kuulula zonse, kuopa angadwalenso ndisananene. A Nalungwe agwira pakamwa. A Silungwe akuti, "Mawa, tikaweruka kutchalitchi." Basi, mawu ndi omwewo.

Ndalongedza chikwama. Ndamasulanso. Galimoto sizinayambebe kukwera.

Lamulungu

A Silungwe abwera atavala jekete langa. Tebulo alizungulira kawiri, aligwedeza (likutsimphinabe), akhala pampando. Ndawapatsa khofi. Kapu yakakamira pa vanishi, taichotsa tili awiri.

Akuti, "Matabwa awa ndinkati ndidzawagonera osawaona. Atowa chomene." Ndiye kuti akongola kwambiri.

Ndapuma koyamba chichokereni Lachiwiri. Ndafulumira.

Chigamulo chawo:
tebulo ndi lawo, a Nalungwe asenza kale;
kumunda kwawo kuli mlombwa wina, wodula ndi wocheka ndine;
kuuma kwake ndi zaka ziwiri, adikira, inenso ndisayerekeze zosamuka;
bokosi wokhoma ndine, popeza ukalipentala ndauyamba ndekha.

Kenako agona chagada pa simenti, manja pachifuwa, atseka maso. "Yezani, asambizgi. Koma miyendo yangayi musaidule ngati ya tebulo."

Ndayeza katatu. Muyeso ndalemba kuchikuto cha buku lino.

Apita. Kapu yabwerera pa chigubu.