Maliro anga ndinawaonera ku Kadoma

Iyi ndikuuzeni ndekha, mlamu wanga Nabanda asanaithire mchere m'dera lathu lonse la Chinengundu.

Mwana wa Nabanda ndi nesi. Atamwalira bambo ake a nesiyo ku Eiffel Flats, bungwe la manesi linabwera kombi yodzaza, onse atavala zoyera, kuimba mpaka kumanda. Ine ndinalira ndithu, koma misozi inayo inali ya nsanje. Mbale zanga zimene anadyera manesiwo mpaka lero sizinabwerere.

Mwana wanga Esnati amayang'anira laibulale pasukulu ina kuno ku Chegutu. Tsiku lina ndinamupeza wagwira tsaya. Akuti sakudziwa alowe bungwe liti: la aphunzitsi, la malaibulale a dziko lonse, kapena la malaibulale a m'masukulu.

"Limene amabwera ambiri pamaliro ndi liti?" ndinafunsa.

"Amayi, si beriya yanu yothandizana pamaliro iyi. Kumeneko timaphunzitsana ntchito, timauzana kopeza mabuku."

"Buku linanyamulapo bokosi?"

Anangoseka. Ndiye ndinati ndikadzionere ndekha, ndisadzachite manyazi ndili m'bokosi Nabanda akuwerenga anthu.

Loweruka a malaibulale a m'masukulu anali ndi miting'i ku Kadoma, Esnati anapita kukamvera. Ine ndinamutsatira osamuuza, nditavala yunifomu ya beriya yathu, yakuda ija ndi duku lake, poti nkhani inali yaikulu.

Ndinapeza Esnati watuluka kukatenga tiyi. Tcheyamani, bambo wamagalasi, anayang'ana yunifomu ija n'kuyandikira mwaulemu.

"Gogo, kwakanaka here?" M'Chishona amafunsa ngati kuli kwabwino.

"Ndabwerera za maliro a amayi ake a Esnati Phiri. Ndikufuna ndidziwe mubwera angati."

Bamboyo anavula magalasi. Analankhula Chingerezi pang'ono, holo yonse n'kuimirira, mitu pansi. Inenso ndinawerama, ndimati mwina ataya mnzawo. Diso limodzi ndinasiya lotsegula. Palibe woyambitsa nyimbo, palibe ngakhale wofwenthera. Zii, ngati akulemba mayeso.

Ndinakodola mayi amene anali pambali panga. "Kodi watisiya ndani?"

"Amai vaEsnati," ananong'ona, n'kundiikira chala pamlomo kuti ndisasokose. Ine mwini malirowo!

Apo Esnati analowa ndi kapu ya tiyi. Azimayi anamuthamangira, kumukumbatira, kumupepesa. Kapu inagwa. Mwana anayamba kukuwa, kenako anandiona ndili chilili, chikwama kukhwapa.

"Amayi?"

"Ndili moyo, mwanawe. Koma awa usalowe, saimba."

Tcheyamani anavalanso magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete, holo yonse n'kutsatira. Phokoso analipeza tsopano.

Esnati analowa bungwe lomwelo tsiku lomwelo. Akuti atandiimirira chonchija, akanatuluka ndi nkhope yanji?

Nsanje ikakutuma, pamaliro ako umafika wekha, kombi utalipiranso wekha.