Wapansi Kukafuna Ngamila ya Tadala

Lolemba

Tchuthi chayamba! Masiku asanu ndi awiri opanda yunifolomu, opanda kutsegulira alendo chitseko cha hotela.

Ndilembe chifukwa chake pano, kuti miyendo ikadzayamba kudandaula ndidzaiwerengere.

Zaka zitatu ndili ku Doha kuno, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikumuuza mwana wanga Tadala pafoni kuti ndimakhala m'chipululu. Ndimagona m'tenti. Ndili ndi ngamila yanga, dzina lake Bwanali. Zinayamba ngati nthabwala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kenaka Bwanali anakula, anakwatira, anadwalapo chimfine. Dzulo amake andiuza kuti Lachisanu mwana anachokera kusukulu akulira. Mnzake Chisomo anamunena pagulu kuti ndi wabodza, bambo ake ndi mlonda chabe. Ndiye Tadala walonjeza kalasi yonse kuti Lolemba likubwerali abweretsa chithunzi cha adadi ake ali pangamila.

Chisomoyo sakunama. Chipululu ine ndimachionera pa TV ya pa risepushoni.

Pulani nayi: kuyambira ku Al Wakra kumene sitima ya metro imathera, wapansi kulowera kummwera mpaka kumapiri a mchenga. Ndikakwere ngamila, chithunzi, kubwerera. Wapansi ndithu, kuti bodza la zaka zitatu likhaleko ndi choona pang'ono.

Katundu:
- tenti yobwereka kwa Mnepali wa kukhitchini
- madzi, mabotolo sikisi
- mabisiketi ndi zitini za nsomba
- nsapato za kuntchito, zina ndilibe
- chipewa
- kabuku kano

Chikwama chapepuka bwino. Ndikuzungulira nacho m'chipinda ngati msilikali.

Madzulo. Ndalakwitsa. Ndatsanzika a Ngozo.

Nanga ungachoke osatsanzika wamkulu amene umagona naye chipinda chimodzi? A Ngozo ndi dalaivala, msinkhu wa malume anga, ndipo foni yawo ndiyo wailesi ya Amalawi onse a mu Doha. Pofika faifi koloko kamba wayamba kufika:
- Mai Jere a ku Al Nasr: mandasi odzaza jumbo, nkhuku yathunthu yokazinga
- a Gondwe a kutchalitchi: bulangeti la anthu awiri
- a Ngozo eni ake: ambulera, ndi Baibulo lawo la zilembo zikuluzikulu lija

Chokana palibe. Ukabweza kamba wa munthu ndiye kuti wamubweza iyeyo. Chikwama tsopano ndikuchinyamula mobuula.

Lachiwiri

Kuperekezedwa!

Anthu asanu mpaka pasiteshoni ya Bin Mahmoud. Pemphero pakhomo penipeni, mlonda mnzanga wa pamenepo akutiyang'ana. Atatu akwera nane mpaka Al Wakra. Awiri abwerera. A Ngozo ayi, lero ali pa ofu. "Ndikutayeni pampanda apo basi, achimwene, kenaka khalas, zatha."

Mpanda tadutsa. Mzikiti tadutsa. Nyumba zatha. A Ngozo akadali pambali panga, atavala nsapato zosongoka zopitira ku ukwati, akundifotokozera mmene agogo awo anayendera wapansi kupita ku Joni.

Leveni koloko: akhala pansi. Bondo.

Wamkulu wotsimphina sungamusiye abwerere yekha. Ndikanakawauza chiyani akazi awo ku Ntcheu? Ndawaperekeza mpaka pokwerera basi, chikwama kumsana, iwo atakoleka dzanja paphewa langa. Tafika. Tadya ntchafu za nkhuku. Apezako bwino. Basi yabwera, aiyang'ana, akuti, "Ndiye mubwerere nokhanokha msewu wonse uja? Tiyeni ndikusuntheniko pang'ono."

Ndagwada, kunena zoona ndagwada pasimenti, kuwapempha kuti akwere. Akwera basi yachitatu.

Ndayenda kwambiri lero, koma msewu wake ndi umodzi womwewo, katatu. Tenti ndakhoma pagombe. Nyumba za Al Wakra zikuoneka bwinobwino, ndipo mphepo ikubweretsa fungo la tchipisi.

Lachitatu

Ndekha tsopano. Chipululu chenicheni!

Koma si chimene ndinamuuza Tadala. Mchenga wofewa uja kulibe. Miyala, fumbi loyera, mapolo a magetsi, botolo lapulasitiki apa ndi apo. Dziko lathyathyathya mpaka pomwe maso alekezera.

Zimene ndaphunzira dzuwa lisanafike paliwombo:
- madzi ukawanyamula amalemera, ukawamwa umadandaula kuti akutha
- mandasi amaitana ludzu
- nsapato za ulonda anazipangira kuima, osati kuyenda, matuza atatu kale
- kulibe tchire

Chomalizachi ndiye nkhani. Kwathu ukapanikizika paulendo umangopatuka n'kulowa patchire, zatha. Kuno upatukira kuti? Kamtengo kamene ndakapeza kakundilekeza m'mawondo. Ndayang'ana kummawa, kumadzulo, ngakhale mbalame kulibe. Ndatsegula ambulera ya a Ngozo, Mulungu awadalitse, ndabisala. Pomwepo galimoto yoyera yatulukira kumene sindikukudziwa, yaima, galasi latsika: "Mushkila, habibi? Problem?" Ndayankha ndili kuseri kwa ambulera kuti mafi mushkila, palibe vuto, pitani bwino bwana.

Magalimoto oima lero: asanu ndi awiri. Aliyense akufuna kundinyamula. Palibe akukhulupirira kuti munthu wamutu wake angayende wapansi mwadala. Aliyense akundisiyira botolo la madzi, ine kukana sindingathe, ndiye chikwama chikulemera kuposa mmene ndinanyamukira.

China chondisowetsa mtendere: tsiku lonse osakumana ndi woyenda pansi mnzanga woti tipatsane moni. Ndapatsa moni buluzi. Wathawa.

Madzulo kwazizira, bulangeti la a Gondwe ndalikhululukira. Dzuwa likulowa lofiira, kuli zii, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu palibe akundikodola kuti sekyurite, bwera kuno. Ndasangalala, ndisabise. Ndipo ndamusowa mwana wanga.

Watumiza mawu pafoni: "Adadi, Bwanali mumusambitse asanajambulidwe."

Lachinayi

Phazi lamanzere latupa. Ndikuyenda ngati a Ngozo.

Naini koloko: matenti akuluakulu kutsogolo, mpanda, jenereta, mbuzi ziwiri. Ndi banja la konkuno, labwera kudzakhala m'chipululu nyengo yozizira ino monga amachitira. Njira yanga ikudutsa pakhomo pawo penipeni. Munthu woleredwa sangodutsa pakhomo pa eni osapereka moni. Ndaima, ndaomba m'manja, odi!

Atuluka bambo achikulire a ndevu zoyera, akuti ndiziwatchula Abu Salem. Andikhazika pakapeti. Mwana wawo Salem, nayenso bambo wa ndevu zake, wabwera ndi khofi m'kakapu kangati chitsekerero cha botolo. Wowawa, fungo lake ngati mankhwala a chifuwa. Ndamwa kamodzi n'kubweza kapu ndi manja awiri, mwaulemu. Wathiranso. Ndamwa. Wathiranso.

Ine ndinaleredwa kuti mlendo sabweza chimene wapatsidwa, mwini nyumba ndiye amaona yekha. Ndiye ndikudikira iye asiye, iye akudikira ine. Waima pomwepo ndi ketulo, nkhope yayamba kuoneka yankhawa. Pa kapu ya nambala thwelofu manja anga ayamba kunjenjemera okha ndi khofiyo, kapu yagwedezeka, Salem wapumira m'mwamba: "Khalas! Alhamdulillah." Kani kuno ukakwana umagwedeza kapu! Abu Salem aseka mpaka kutsokomola.

Mpunga ndi nyama yankhosa m'thireyi yoti anthu awiri agwirizane kunyamula. Ndawaonetsa chithunzi cha Tadala, ndafotokoza zonse, za Chisomo, za Bwanali, ndi Chingerezi changa ndi manja omwe. Abu Salem agwira pamtima. Anena mawu awiri kwa mwana wawo. Ndisanasambe m'manja, chikwama changa chili kale m'galimoto.

Ndakana katatu. Iwo akakamiza kanayi. Salem akumasulira: "Ababa akuti mlendo wawo sachoka pano wapansi, anthu adzawatenga bwanji? Yalla, tiyeni."

Ulendo wanga wa masiku awiri watha m'mphindi makumi anayi. Chakumapeto Salem waphwetsako matayala n'kuyamba kukwera mapiri a mchenga chammbali, uku akuimba. Ine ndakumbatira Baibulo la a Ngozo. Khofi yense uja ndamusiya paphiri lachitatu.

Ndafika. Osati wapansi, koma ndafika.

Lachisanu

Mchenga uja ulipodi! Wofewa, wachikasu, mapiri ake akutsikira m'nyanja. M'mawa ndakwera limodzi chokwawa, ndakhala pamwamba, ndagwetsako misozi. Zina zimene ndinkanama zija zinali zoona, ine osadziwa.

Eyiti koloko: Doha yonse yafika. Lachisanu kuno ndi tsiku lopuma. Magalimoto, njinga zamoto za matayala anayi, nyimbo, nyama pamoto. Phokoso kuposa kudepoti ku Lilongwe.

Ngamila zilipo! Zagwada pamzere, zitavala tizipewa tolukidwa kukamwa. Mwini wake ndi Msudani wamtali wosalankhulalankhula. Ndasankha yooneka yofatsa. Ukaiyandikira ndi yaikulu, abale! Ndipo ikundiyang'ana ngati yamva zonse zimene ndakhala ndikunena za mtundu wake.

Ndapereka foni kwa Msudani, ndakonza chipewa, ndakwera. Palibe anandiuzapo kuti ngamila imadzuka ndi miyendo yakumbuyo poyamba. Ine, mbuye wake wa Bwanali, zaka zitatu!

Vidiyo yake ndaionera kasanu. Muli bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, chipewa chitagwa, atakumbatira chishalo, akukuwa, "Mayo ine! Nditsitseni! Amayi!" kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kumbuyo banja lonse la Amwenye likuseka. Chithunzi chooneka bwino palibe ngakhale chimodzi.

Chisomo aone zimenezi? Ayi. Ndafufuta. Mawa m'mamawa anthu asanachuluke ndikwerenso, tsopano ndikudziwa kuti umatsamira kumbuyo.

Mandasi atsala anayi, olimba oti n'kukhomera zikhomo za tenti. A Ngozo aimba kasanu ndi kawiri kufunsa ngati ndadya ndiponso ndili pati. Batire latsala pang'ono.

Loweruka

Mphepo!

Yayamba m'bandakucha kuchokera kumpoto. Kumwamba kwafiira, nyanja sikuoneka. Mchenga uli:
- m'makutu
- m'mano
- m'Baibulo, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso
- m'kabowo kotchajira foni

Seveni koloko tenti ya Mnepali yanyamuka, ikulowera cha ku Saudi. Ndaithamangitsa ndi phazi limodzi, ndaigwira, ndagona pamwamba pake.

Pamalo pa ngamila pangotsala zikhomo ndi ndowe. Wogulitsa tiyi akuti Msudani satulutsa ziweto kukakhala mphepo, ndipo mphepo yotereyi imatha masiku atatu. Lolemba Tadala ali m'kalasi, ine ndili pashifiti.

Foni yazima. Ndakhala kuseri kwa kontena ya tiyi, bulangeti kumutu, ndikuganiza za vidiyo ija. Palibe wina woti ndimuloze, ndinafufuta ndi chala changa chomwechi.

Thu koloko: hutala. Minibasi yobwereka! A Ngozo pachiwongolero, Mai Jere, a Gondwe, ndi ena anayi amene sindikuwadziwa n'komwe. Foni yanga itasiya kupezeka anaitanitsa msonkhano, asinthana mashifiti, abwera kudzandichingamira. Mai Jere akulira uku akuseka, andipatsa mandasi ena. A Gondwe alanda chikwama. Nyimbo yayamba chitseko chisanatsekedwe.

"Mwayenda, achimwene, mwayenda," akutero a Ngozo. "Ngakhale agogo anga kuno sanafikeko."

Sindikuwauza kuti m'chipululu ndayendamo tsiku limodzi ndi kachidutswa. Ndikucheuka pawindo lakumbuyo mwina n'kuona ngakhale mchira wa ngamila, koma kuli fumbi lokhalokha.

Lamulungu

Mapazi m'beseni la madzi amchere. Yunifolomu pachingwe. Foni ili kwa wokonza ku Bin Mahmoud, akuti mchenga wake ndi wokwanira kuumbira njerwa.

Ndabwereka ya a Ngozo. Kawiri ndaimba n'kudula ndekha isanalire. Kachitatu wayankha Tadala.

Ndamuuza. Bwanali kulibe, mwanangu. Sindigona m'tenti. Ndine mlonda, Chisomo ananena zoona. Chithunzi palibe, ndipo mawa akakuseka chifukwa cha ine. Pepa.

Ndikumva tambala wa kwathu kumbuyo kwake. Mantha amene ndili nawo aposa a pangamila paja.

"Adadi, ndimadziwa. Mukamaimba pavidiyo yunifolomu yanu imaoneka pamsomali."

Ndamufunsa, nanga kulira kuja? Nanga kufunsa za Bwanali sabata ndi sabata?

"Chisomo ananena ngati ulonda ndi chinthu chamanyazi, ndiye ndinapsa mtima n'kungolonjeza. Komanso mukamafunsa za sukulu mumadula msanga. Mukamakamba za Bwanali mumakhalitsa."

A Ngozo atuluka panja, akuti akukaona ngati mphepo yaleka.

Ndiye ndamufotokozera sabata yonse mmene yayendera, osawonjezera, osachotsera, ngakhale kukuwa kuja. Ola lathunthu. Waseka mpaka amake amulanda foni kufunsa ngati ndili bwinobwino m'mutu. Atamubwezera wati, "Koma adadi, iyi ndiye mwapeka. Ya Bwanali inkamveka yoona."

Mawa iye apita kusukulu chimanjamanja, akuti Chisomo ndimusiyire iyeyo. Ine ndilowa shifiti motsimphina. Madzi a m'beseni azizira, ndipo a Ngozo akufuna foni yawo.