Vulani Nsapato Zanga

Mpaka lero minibasi ikamadutsa pageti la koleji ija, ine ndimatembenukira mbali inayo ngati kuli chinthu chochititsa chidwi. Kulibe kanthu, ndi ngalande chabe. Alonda a pamenepo anasintha kalekale, koma mtima wanga umandiuza kuti aliyense wovala yunifomu pageti lija anamusimbira za ine tsiku lomwe ankamulemba ntchito.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine ndine wa mpira wa miyendo. Ndinkasewera kumbuyo m'timu ya kampani ya boma imene ndinkagwirako ntchito, ndipo alipo amuna ku Matero, muno mu Lusaka, amene kukazizira amatsimphinabe chifukwa cha ine. (Sindikunyada. Chabwino, ndikunyada pang'ono.) Kampaniyo itagulitsidwa, monga zinkagulitsidwira zinthu zonse zaka zimenezo, anatithokoza bwino ndi kutilozera chipata. Ndinapezeka ndili pamsika ku Kanyama ndikugulitsa nsapato za salaula, zija zobwera m'mabelo anthu ena atayamba ayendera kutsidya kwa nyanja.

Mwana wanga woyamba, Masauso, anatalika ngati mtengo wa magetsi. Anatengera kwa amake, chifukwa kwathu ndife afupi ndi aukali. Anapita ku koleji kukaphunzira zowerengera ndalama, ndiye tsiku lina anabwera n'kundiuza kuti walowa timu ya basiketibolo.

"Uja amasewera atsikana a kwaya?" ndinamufunsa.

"Uja ni netibolo, atate."

"Kusiyana kwake n'chiyani? Nonse mukuponya mpira m'dengu lobooka."

"Ife timathamanga nawo."

Ndinamuuza kuti nawonso akuba a ku Chibolya amathamanga, koma palibe amawapatsa chikho.

Nyengo ya masewero inayamba moipa. Loweruka lililonse Masauso ankabwera atazyolika, osafuna kulankhula, koma chakudya ankadya ngati wapambana. Bwalo lawo linali la simenti, ndipo nsapato zansalu zimene ankavala zinkang'ambika masewero ali pakati. Koleji inati ilibe chogulira zina, boma linasiya zopereka zinthu zaulere. Tsono m'belo lililonse limene ndinkatsegula munkapezeka nsapato zikuluzikulu zofika mu akakolo, zangati mabwato. Ku Kanyama kulibe munthu wa phazi lotero. Zinkangokhala pansi pa tebulo mpaka kuchita nkhungu. Ndinapatsa Masauso peyala imodzi. Sabata yotsatira anabwera ndi mnzake, kenaka anzake ena, onse akuwerama polowa pakhomo panga ngati akupepesa maliro. Ndinawagawira onse. (Anthu ankati ndine wachifundo. Ine ndinkafuna malo pansi pa tebulo.)

Ndiye anayamba kupambana. Anagonjetsa koleji ya aphunzitsi, anagonjetsa ya amakaniko, anagonjetsa ngakhale ija inawachititsa manyazi poyamba. Ine pamsika ndinayamba kunena kuti "timu yanga". Kukaonerera sindinapiteko ngakhale kamodzi, chifukwa Loweruka ndiye tsiku la malonda. Malamulo ake sindinafunse. Mpira ndi mpira, ndinkatero, ndipo ine mpira ndinaudziwa asanabadwe onsewo.

Masewero omaliza anali olimbirana chikho cha makoleji. Koma nkhani yaikulu kwathu sinali chikho. Masauso anatiuza kuti kukubwera munthu wochokera ku timu ya banki ina, kudzamuona iyeyo. Timu imeneyo ikakutenga, ntchito ya ku banki inkabwera nayo limodzi. Amene munali mu Lusaka zaka zija mukudziwa tanthauzo lake. Anthu a mapepala a ku yunivesite ankagulitsa mabatire m'misewu. Kumbuyo kwa Masauso kunali ana ena anayi, ndi ine bambo wawo wonunkha nsapato za eni.

"Mupite mukamuone," anatero amake. "Koma pakamwa panu musiye pano, ndikusungirani."

"Ine ndinayamba ndakanganapo ndi ndani?"

Anangondiyang'ana, n'kuyang'ananso chitseko chomwe ndinathyola chaka chapitacho.

Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo Kanyama anali dziwe monga mwa masiku onse. Ndinavala suti yanga ya ku kampani, ndinapinda thalauza mpaka m'mawondo, ndinayenda m'madzi mpaka pokwerera basi. Nditafika, anandilandira ngati nduna. Kochi wawo, ba Tembo, mphunzitsi wamfupi wa magalasi, anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Ba mudala, imwe simuzankhala ku gulu. Muzankhala na ise pa benchi ya timu."

Anyamata anawomba m'manja. Ndinakhala pansi mtima uli m'mwamba. Masauso anandilozera ndi maso munthu wa ku banki uja, bambo wonenepa wa chipewa choyera, atakhala pafupi ndi tebulo la olemba zigoli.

Masewero atayamba ndinaona kuti ndi mpira wa anthu osakhwima. Kumugunda munthu pang'ono, wezulo. Kumukhudza dzanja, wezulo. Ife nthawi yathu woyimbira ankayamba waona magazi. Koma mwana wanga, abale, ankasewera. Anaponya koyamba, unalowa. Anadumpha n'kuumenya mpira wa mdani uli m'malere. Anaponyanso ali patali, unalowanso osakhudza chitsulo. Kawiri konse wezulo italira, iye anakweza dzanja m'mwamba, ndipo ine ndinakwezanso langa kumubwezera moni. (Ndinamva pambuyo pake kuti wosewera amakweza dzanja povomera kuti walakwira mnzake. Ndiye kuti ndinkamuyamikira pa zolakwa zake, anthu onse akuona.)

Kenaka, theka loyamba lisanafike ndi pakati pomwe, ba Tembo anaimirira n'kupereka chizindikiro kutebulo. Ndinaona Masauso akutuluka m'bwalo, ndipo m'malo mwake munalowa kamnyamata koonda ngati bango.

Mundimvetse bwino apa. Ku mpira wa miyendo, ukatuluka watuluka. Umapita kukasamba. Ndipo kumutulutsa munthu masewero atangoyamba ndi chipongwe chachikulu kuposa kumutukwanira amake. Ndiye kuuza dziko lonse kuti uyu ndi wachabechabe. Ndinayang'ana wa chipewa choyera uja, ndinamuona akunong'oneza mnzake kanthu kena. M'mutu mwanga ntchito ya ku banki inali itakwera kale basi.

Ndinayamba mwaulemu, Mulungu ndi mboni.

"Ba kochi, mwana wadwala?"

"Iyayi, ali chabe bwino. Ali na mafaulo yabili. Tizakamba pambuyo."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anangokupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Dzanja limenelo ndinalidziwa. Ndi lomwe lija anandikupizira bwana wa ku ofesi tsiku limene ndinafunsa chifukwa chake dzina langa linali pakati pa ochotsedwa.

"Atate," anayamba Masauso akupukuta thukuta, "kuno sivili monga..."

"Iwe khala chete, akuluakulu akulankhula."

Anakhala chete. Ndinamulera bwino mwana ameneyu, ndipo tsiku limenelo ulemu wake ndi umene unatipha.

Ndinaimirira kutsogolo kwa ba Tembo kuti andione. Iwo anasuzumira kumanja kwanga kuti aone masewero, ine ndinasunthira kumanja. Anasuzumira kumanzere, ndinasunthira kumanzere.

"Kaja mwalowetsako ndi kamwana ka mlongo wanu?" ndinafunsa. "Mwaona kuti lero kwabwera wa ntchito, ndiye mwati aone wanu?"

"Ba mudala, napapata, chonde nkhalani pansi."

"Ndikhala pansi mwana wanga akaimirira."

Nditaona kuti sakumva, ndinaganiza zokadandaula kwa woyimbira. Ndinalowa m'bwalo masewero ali mkati, suti yonyowa m'munsi, chala chili m'mwamba. Mnyamata wa timu inayo amene ankathamanga ndi mpira anandiomba, tonse awiri pansi. Wezulo inalira nthawi yaitali. Woyimbira anasanjika manja ake mopingasa n'kuloza benchi yathu. Popeza ndinakhala pabenchipo, mlandu wanga unali wa timu yonse. Anatenga mpira n'kupatsa adani kuti aponye popanda wowatchinga, ife tonse tikuonerera ngati mbuzi. Mipira yonse imene anaponya inalowa.

"Ivo vigoli ni vanu," anatero ba Tembo, mawu ali pansipansi. "Mwabapasa ndimwe."

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepa. Ine ndinayang'ana pabenchi, ndinaona mapazi onse ali m'ndandanda, ndipo satana anandikumbutsa kuti mapazi amenewo avala zanga.

"Chabwino. Ngati mwana wanga sasewera, nsapato zanga nazonso sizisewera. Vulani."

Anyamata anayang'anana. Anayang'ana kochi. Kochi anali atagwira mutu. Tsono awa anali ana oleredwa bwino, adya pakhomo panga, amanditcha atate. Wamtali kuposa onse, dzina lake Chanda, anawerama n'kuyamba kumasula zingwe. Anzake anatsatira. Masauso naye anavula, osandiyang'ana kumaso. Ndinazisonkhanitsa m'manja mpaka zinafika pachibwano, ndipo fungo lake sindingalifotokoze m'nyuzi yowerenga anthu aulemu. Ndinaitananso a m'bwalo kuti abwere mmodzimmodzi. Apo n'kuti ophunzira a koleji inayo atayamba kuimba, akuomba m'manja mogwirizana: "Salaula, salaula, bweza salaula."

Woyimbira anabwera n'kuuza ba Tembo kuti asankhe, kaya bamboyu atuluke pageti, kaya masewero athere pomwepo chikho chipite kwa enawo. Alonda awiri anandigwira m'zigongono mwaulemu. Ndinayenda mutu uli m'mwamba, nsapato zili pachifuwa, ndikudziuza kuti ndamenyera mwana wanga nkhondo.

Titatsala pang'ono kufika pageti ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Masauso, akuthamanga ndi masokosi okha pamatope.

"Atate, nipempako nsapato. Ba kochi bafuna ningene."

"Ulowe kuti? Anakutulutsa."

"Kuno munthu amatuluka na kubwelela, kangati konse. Benze kunisunga chabe. Mafaulo yakafika faifi ndiye kutuluka kwa zoona. Benze kufuna nikankhalepo kumapeto."

Ndinamuyang'ana. Ndinayang'ana alonda. Mmodzi anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo ndinaona kuti ngakhale mlonda ankadziwa.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munakamba kuti ninkhale zii."

Manja anga anangomasuka okha. Nsapato zonse zinagwera pansi mulu umodzi, ndipo tinagwada, ine, mwana wanga ndi alonda awiri, kufunafuna nsapato ya kumanzere ya Masauso. Ndinaipeza ndine. (Pa ntchito imeneyo yokha ndiye palibe akanandiposa.) Zotsalazo mlonda mmodzi anabwerera nazo kubenchi atazinyamula patali ndi mphuno.

Masewero otsala ndinawamvera kunja kwa mpanda, nditakhala pa njerwa pafupi ndi mayi wina wootcha chimanga. Phokoso likabuka mkati sindinkadziwa kuti ndi lathu kapena la adani. Mayi uja anandifunsa ngati ndamva kuti mkatimo mwalowa wamisala wolanda anthu nsapato. Ndinati ndamva, dziko laipa.

Tinaluza. Anati tinaluza pang'ono kwambiri. Mpaka lero palibe anandiuza kuti ndi zigoli zingati, ndipo ine sindifunsa, chifukwa ndimakumbukira bwino kuti zanga zija zinali zingati.

Anthu akutuluka, ndinabisa nkhope kuseri kwa chimanga, koma wa chipewa choyera uja anandilunjika.

"Ndimwe batate bake Masauso?"

Ndinaganiza zokana. Koma mphuno ndi imodzi.

"Ndine."

"Mwana wanu abwele ku ofesi pa Mande. Munthu wamene angachite manyazi so pa bantu, avale nsapato, abwelele na kusewela bwino kupambana poyamba, uyo angakwanise makasitoma ba kumapeto kwa mwezi." Anakonza chipewa chake. "Koma imwe, bwalo yathu ili na geti. Nizamulangiza mulonda nkhope yanu."

Kunyumba amake Masauso anali atamva kale, chifukwa nkhani mu Kanyama imayenda ngakhale misewu itasefukira. Sanakalipe. M'mawa mwake anagwira tambala wathu, anamumanga miyendo, n'kundiika m'manja.

"Kwa ba Tembo ku Chilenje. Mukapepese, mukasiye nkhuku, mukabwere. Zinthu zitatu zokha."

Ndinapita. Ndinakhala pampando wam'munsi, chipewa pabondo, ndinapepesa ndi mawu abwino kwambiri moti akazi awo anapukuta m'maso. Ba Tembo analandira tambala, anati zatha, tonse ndife makolo. Anandiperekeza mpaka pakhomo, tinagwirana chanza. Ndinali nditaponda kale panja pamene pakamwa panga panatseguka pokha.

"Komabe, ba kochi, kunena zoona, munthu amene akugoletsa satulutsidwa."

Anayamba kundifotokozera za mafaulo. Ndinawauza kuti yachiwiri ija sinali faulo, mwana anangomupumira mnzake. Anati ine ndinaona bwanji pamene ndinali kalikiliki kupereka moni. Mawu anakwera, agalu a m'nyumba zoyandikana anayamba kuuwa, ndipo pomaliza ananditsekera chitseko kumaso.

Tambala sanabweze.