aDaka a "Waona Ndani?" ndi Shuga wa Amai Febby

Kuno ku Nyimba mukangoti "Waona ndani?" akuluakulu onse amaseka, chifukwa amenewo anali mawu a malemu aJosiah Daka. Munthu ameneyo, abale inu, sankakhulupilila kanthu ndi khutu lokha. Mukati, "Bambo, kunja kukugwa mvula," ankayamba atulutsa dzanja pawindo, kenako n'kuitana akazi awo, amai Sarah, kuti nawonso atulutse lawo. Ati mlomo umodzi susenza nkhani.

Ndiwo anali mtolankhani wathu zaka za Chitaganya zija. Ankalemba za kuno n'kupatsa Wilbroad, kondakitala wa basi, kuti akasiye kwa mkonzi wa nyuzipepala ina ya Chinyanja ku Lusaka. Koma kuchedwa kwake! Nkhani ya ukwati inkatuluka mkwatibwi ali kale ndi mwana kumbuyo. Mkonzi atatopa anatuma mawu kuti azitumiza nkhani zikali zamoto. aDaka anangoti, "Kamuuze kuti zamoto zimaotcha pakamwa."

Tsiku lina kunamveka kuti njovu khumi zatha munda wa chimanga ku Nyampande. Iwo anapalasa njinga mpaka komweko, kugwada pansi, kununkhiza ndowe. Zimene analemba n'zakuti zinali ng'ombe ziwili za mlamu wake wa mwini munda. Mlamuyo sanawapatsenso moni mpaka kumanda.

Koma imene sitiiwala ndi ya shuga. Masiku amenewo kunali mphekesela yakuti kwabwela shuga wothila mankhwala oti anthu akuda asamabeleke. Kuno mphekeselayo inagwela amai Febby, mayi wamasiye amene ankagulitsa tiyi ndi vitumbuwa m'chisakasa chapoimila basi. Benchi yawo inangoti mbee! Anyamata ena anayamba kunena poyela kuti chisakasacho achiotcha.

Amai Febby anapita kwa aDaka akulila. "Bambo, ana anga adya chiyani? Lembani kuti ndi bodza."

"Pepani amai, sindingalembe kuti ndi bodza ndisanaone kumene yachokela."

Ine ndinalipo, ndipo ndinapsa mtima. Munthu akulila, iwe uli pa malamulo ako! Koma iwo anali atamanga kale miyendo ya buluku, njinga ili m'manja.

Anayambila kwa amai a pachitsime. "Munamva kwa yani?" Kwa telala. Telala anati anamva kwa apongozi ake a ku Mwape. aDaka ulendo wa ku Mwape, dzuwa lili pamutu, tayala kuphulika kawili. Apongoziwo anati, "Ife tinamva m'basi, kwa kondakitala." aDaka anabwelako ali fumbi lokhalokha ngati mbatata yofukula kumene, n'kumupeza Wilbroad akumanga katundu pamwamba pa basi.

"Iwe Wilbroad, tsika! Za shuga wa amai Febby unamva kwa yani?"

"Kwa inu, bambo."

"Kwa ine?"

"Eya. Tsiku lija munatapa shuga wawo, kumununkhiza, n'kufunsa mokweza kuti kodi si ujeni wotseka mimba amene akunenedwa ku Lusaka. Ine ndinati, aa, ngati aDaka afika pofunsa, ndiye kuti chilipo."

aDaka anati kukamwa yasa. Koma chizolowezi n'chizolowezi. "Waona ndani ndikufunsa zimenezo?"

"Basi yonse, bambo."

Tinaseka mpaka kugwila m'mimba, iwo okha ayi. Anavula chipewa n'kukagwada pamaso pa amai Febby, anthu akuona. "Amai, munthu amene ndakhala ndikumusaka ndamupeza. Ndi uyu wagwadayu."

M'mawa mwake anabwela ndi amai Sarah n'kukhala pa benchi paja. "Makapu awili! Shuga musaumile!" Ankathila mpaka supuni kuimilila yokha. Amai Sarah, amene tiyi wotsekemela sankamukonda, ankangomwa atatsinzina, uku akung'ung'udza kuti wolakwa ndi wina, wovutika mano ndi wina. M'mawa uliwonse zinali zomwezo. Anyamata a machesi aja anasowa poyambila, pakuti ungaotche bwanji chisakasa mtolankhani ali momwemo ndi pensulo kukhutu? Anthu ankabwela kudzaonelela, ndipo kuonelela kumadzetsa njala. Woyamba kugula chitumbuwa anali Wilbroad, ndi manyazi ake omwe.

"Tsopano lembani," amai Febby anatelo.

"Dikilani, amai. Mboni zisanafike?"

Chaka chotsatila amai Sarah anachila amapasa. aDaka anawanyamula onse awili, wina uku wina uku, mpaka poimila basi. "Mboni ziwili izi!" Ndipo pamenepo m'pamene analemba. Nyuzipepala itafika tinamvela limodzi: shuga wa amai Febby alibe mlandu, wolakwa ndi wolemba nkhani ino, amene anafunsa funso lake pagulu. Kuyambila pamenepo mafunso awo ankafunsa monong'ona.

Chitaganya chili pafupi kutha, chifuwa chinawagwila aDaka, n'kupita nawo kuchipatala ku Minga. Amai Sarah anawadwazika kwa nthawi, kenako anabwela kunyumba kudzaona ana, n'kusiya amai Febby akuwayang'anila. Madzulo a tsiku lotsatila Wilbroad anafika pakhomo chipewa chili m'manja.

"Amai, zinthu sizili bwino. Bambo atisiya."

Amai Sarah anamuyang'ana. Mawu anatuluka pang'onopang'ono. "Waona ndani?"

"Ndaona ine, amai. Ndinalipo."

"Winanso?"

Amai Febby, amene anaima kumbuyo kwa Wilbroad, anasendela pafupi. "Ndi ine, amake mapasa. Ndinawapangila tiyi, sanamwe."

Apo m'pamene amai Sarah anagwa pansi n'kuyamba kulila, ndipo tonse tinalila nawo.

Ndimawasowa, ndisaname, ngakhale ankanditopetsa. Masiku ano nkhani zimatsika basi zili ndi miyendo, n'kuzungulila Nyimba yense madzi a tiyi asanawile. Dzulo lomweli munthu wina anabwela akufuula kuti mkango wadya anthu atatu ku Mwape. Tonse tinatembenukila pa benchi ya amai Febby, kumapeto kumene ankakhala aDaka, kudikila funso lija. Palibe anafunsa. Tinangokhulupilila.