Guluu wa Chinangwa ndi Mpando wa Apongozi

Mpaka lero apongozi anga akamabwera kwathu ku Lundazi amanyamula kampando kawo panjinga. Wochititsa ndine.

Ndimaphunzitsa ukalipentala, ndipo chaka chatha ndinatsimikiza mtima kupanga guluu wangawanga wa ufa wa chinangwa. Kumuyesa kwake n'kosavuta. Umamata timatabwa tiwiri, pakauma umathyola pomatapo, n'kujambula ndi foni. Pulogalamu ya pakompyuta imayeza kukula kwa malo amene pali guluu ndi amene pali thabwa. Guluu akachuluka, ndiye kuti wangomatuka, ngwachabechabe. Pakaoneka thabwa lokhalokha, ndiye kuti lang'ambika ndi thabwa, guluu wagwira. Kuti kompyuta isasokonezeke ndinathira utoto wofiira m'guluumo.

Ndinathyola timatabwato m'mawa, n'kutiyala pakhonde, n'kupita kumsika. (Kufiira ndinakuona ndithu pothyola, koma ndinati maso amanama, timve kwa kompyuta.) Nditabwerera ndinajambula mwachangu. Kompyuta inati thabwa lokhalokha! Ndinavina ndekha.

Pamenepo ndinapanga mpando wopanda msomali ngakhale umodzi, n'kuupalasira panjinga kwa apongozi ku Magodi. Ndinkafuna apongozi, amene amati ndimangoseweretsa foni, aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wanzeru. Ndinawapeza ali ndi alendo akutchalitchi.

“Monire, adada. Nabweletsa mpando wanu.”

Anautembenuza uku ndi uku. “Nanga misomali ili kuti?”

“Siifunika, adada. Kompyuta inavomeleza.”

Anakhalapo mwaulemu, n'kutsamira. Mpando unangoti phwasu! Miyendo m'mwamba, chipewa uko. Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Manyazi ake ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Koma ine sindigonja msanga. Kunyumba ndinamatanso, ndinathyolanso, ndinayalanso pakhonde. Potuluka ndi foni ndinapeza mbuzi yathu ikunyambita timatabwa, milomo ili psuu ngati mkwatibwi. Inali itatsala pang'ono kumaliza, thabwa lili mbee.

“Amake mwana, bwelani muone!”

Mkazi wanga anasuzumira pakhomo. “Iyo? Na tsiku lija inanyambita. N'naganiza kuti ndiye mwamene mumatsukila.”

Masiku ano ndimathiramo tsabola, mbuzi siyandikira, ndipo kompyuta ikunena zoona: pofiira ponseponse. Ndiye ndikusinthabe kaphikidwe, ndipo guluu ameneyu adzagwira basi. Mpando wachiwiri ndayamba kale kupala. Apongozi atamva anatumiza mawu kuti ukatha mbuzi ndiyo iyambe kukhalapo, poti ndi imene inavomereza woyamba uja.