Mitumbira Yanga ya ku Alexandra

Pali anthu ku Joni amene mpaka lero akandiona angawoloke msewu, ndipo sindingawadandaule. Ndinazipala ndekha, ndi khasu langa lomwe.

M'zaka za m'ma 80 ndinkagwira ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina ku Randburg. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, ndipo wocheza naye anali galu wa adona (nayenso Chichewa sankachimva). Kusungulumwa kunandipweteka, abale. Ndinafika pomapatsa moni maluwa.

Lamlungu lina ndinakwera basi kupita ku Alexandra, dera la anthu akuda, kungofuna kumva phokoso la anthu. Ndinapeza achinyamata ndi amayi akuchotsa dzala lalikulu pakona ya msewu, ena akupaka miyala penti yoyera. Ankakonza paki yoti ana azisewerapo, poti boma linali litasiya kalekale kutola zinyalala kumeneko. Ndinaima ngati chitsa, mpaka mayi wina wachikulire, Mama Zodwa, anandiponyera fosholo.

“Wena, maso sagwira ntchito.”

Ndinagwira mpaka madzulo. Anandipatsa tiyi, anandifunsa kwathu, ndipo mnyamata wotsogolera ntchitoyo, Sipho, anati, “Ubwerenso, Malawi.” Mawu awiri okhawo ndinagona nawo sabata yonse.

Ndiye mtima unati, anthuwa ndiwasonyeze kuti kwathu tinabadwa ndi khasu. Malo abwino chonchi, nthaka yonona ndi manyowa a dzala, angokhala osadzalapo kanthu? Ana azidya jowajowa?

Lachinayi linali tsiku langa lopuma. Ndinalawira ndi khasu, mtolo wa mbewu ya mbatata yomwe ndinkalima mobisa kuseri kwa kachipinda kanga, ndi timbande ta maluwa totsala m'gadeni. Pamalopo panalibe munthu. Ndinaunda mitumbira yaitali bwino, yondandalika mwaulemu, n'kubzala mbatata. Poopa kuti ana angaiponde, ndinaizunguliza ndi miyala yoyera ija. Pamwamba pa uliwonse ndinaikapo maluwa, poti paki ndi maluwa. (Inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine sindinaone, ndinaima patali n'kudziyamikira.)

Tsono masiku amenewo ku Alexandra kunali maliro pafupifupi sabata iliyonse. Achinyamata ankasowa, makolo osadziwa kumene apolisi awapititsa.

Lamlungu ndinavala jekete yanga yabwino. Ndikuyandikira ndinaona chikhamu cha anthu, amayi akuimba nyimbo yapansipansi. Ndinati basi, mwambo wothokoza wayamba ine ndisanafike. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, mano onse pamtunda.

Bambo wina ankaloza mitumbira ija akunena kuti, “Amathuna! Amathuna!”

Chizulu changa chinali chija amayankhula kumigodi, chongotolatola. Khutu langa linamva kuti “amafuna”. Ndinadziguguda pachifuwa.

“Yebo! Ndinadziwa kuti mumafuna. Mina lo! Ndine ndapanga, ndekha!”

Nyimbo inaduka. Sipho anandigwira pakolala ya jekete.

“Waikamo ndani?”

“Mbatata.”

“Mbatata ndi mwana wa ndani?”

Apa mpamene ndinazindikira kuti zinthu sizili bwino. Wina kumbuyo anatchula mawu oti impimpi, kutanthauza kazitape wa apolisi, ndipo mawu amenewo ngakhale galu wa adona akanawamva. Liwu la Chizulu la mbatata linandithawa. Ndinagwada, n'kuyamba kufukula mtumbira ndi manja ngati mfuko, amayi akubisa nkhope. Ndinatulutsa kamtengo ka mbatata kofota, ndikukaonetsa m'mwamba, kwinaku ndikuchita ngati ndikutafuna.

Mama Zodwa anakalandira, anakanunkhiza.

“Ubhatata,” anatero.

Ena anaseka mpaka kukhala pansi. Koma mayi wina amene anali atagwada pa mtumbira wakumapeto sanaseke. Mwana wake anali atasowa miyezi ingapo. Anadzuka, anasansa dothi m'maondo, n'kumapita osayang'ana munthu. Amathuna ndi manda, ndinauzidwa pambuyo pake. Chondipweteka n'chakuti ngakhale kwathu mtumbira ndi liwu la zonse ziwiri, ndiye sindinganamizire chilankhulo.

Anandipatsa fosholo kuti ndisalaze ndekha. Ndinasalaza, anthu ataima mondizungulira, jekete ili pathupi. Tiyi tsiku limenelo sanandipatse.

Phunziro lake ndi losavuta: ukafuna kuthandiza anthu, yamba wafunsa chimene akufuna, khasu libwere pambuyo. Kufunsa ndi kudziwa njira, akuluakulu ananena, koma ine ndinali nditakhala nthawi yaitali osayankhula ndi munthu moti ndinaiwala kuti anthu amafunsidwa.

Mukuganiza ndinasiya kupitako? Lamlungu lotsatira ndinakweranso basi. Ana atangondiona anabalalika akukuwa kuti, “Mathuna! Mathuna uja wabwera!” Ine ndinawakwezera dzanja, ndikumwetulira. Mu Joni yense, amenewo okha ndi amene ankandidziwa.