Mlangizi Amene Ankayamba Kulira Ndi Iye

A Misozi, mlangizi wa achinyamata pa sukulu ina, ankatchuka ndi kulira. Mwana akangoti "Kwathu...", iwo m'maso misozi inali italengeza kale. Mayi wophunzitsa masamu, amene ankawathandiza Lachitatu lililonse, ankachita manyazi mpaka kumangoyang'ana kudenga.

Gulu la ana amene ankawalangizalo nalonso linali lovuta. Anyamata ndi atsikana ankakhala mozungulira m'chipinda chosungiramo madesiki othyoka, manja atapinda, aliyense maso pa nsapato. Ukawafunsa kanthu ankayankha ndi mapewa.

Tsiku lina mnyamata wina wokonda ndewu anaganiza zowayesa.

"Mphaka wathu wafa," anatero.

A Misozi anatulutsa mpango. "Anali wamtundu wanji, mwana wanga?"

"Ndanama. Tilibe mphaka."

"Ndiye kuti kwanu kulibe ngakhale mphaka?" Analira kuposa poyamba.

Ana anaseka mpaka kugwirana. Phwete litatha, mnyamata uja ananena chapansipansi kuti amene kulibe kwawo ndi bambo ake, anachoka osatsanzika. Mayi wa masamu anali asanamumvepo akulankhula popanda kutukwana.

Ahedi zinkawanyansa. "Tinakulembani ntchito kuti muzitonthoza ana, osati ana azitonthoza inu."

"Wotonthoza mnzake ndiye kuti watsegula kale pakamwa, bwana," anayankha akumina.

Sikuti onse ankatsegula. Panali mtsikana wina amene ankakhala pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo, osanena kanthu teremu yonse. Kenako anasiya kubwera, kusukulu komwe osaonekanso. A Misozi anakafika mpaka kwawo, anapeza m'nyumbamo mwalowa anthu ena. Atabwerako sanalire. Mayi wa masamu anachita mantha kuwaona maso ali gwa.

"Ndinkadikira kuti ayambe yekha," anatero a Misozi. "Ndinadikira mopitirira."

Chaka chisanathe a Misozi anadwala, ndipo sanachedwe kumwalira. Pa maliro awo ana aja anaima pamodzi kumbuyo, mayunifomu atasita, osadziwa koika manja.

Pano gululi akulitsogolera mayi wa masamu. Amakonzekera mafunso abwino, amawafunsa mofatsa, koma m'chipindamo mumangomveka mpira wa pabwalo. Ana akucheperachepera. Sabata yatha anakhala chete mpaka belu linalira. Potuluka, mtsikana wina anaima pakhomo.

"Madamu, tizibwerabe?"

"Muzibwera," anayankha. Sanadziwe chimene adzawauze.